Nkhongo ya Leeds

Basi idatitula pomwe nyumba zimalekezera,
Lamlungu m'mawa, kachisanu kakuboola jekete.
Tidali khumi ndi anayi. Gwenda adatiwerenga
ndi chala, milomo ikugwedera,
mapu ali m'kathumba ka pulasitiki pachifuwa pake
ngati chithumwa.

Ndidamufunsa: Kodi tikupita kuti?
Adati: Tikuzungulira.
Mwezi uno chigawo ichi, mwezi wamawa chinacho,
mpaka chingwe chikumane pomwe tidachiyambira.

Ndidaseka chamumtima.
Mayi anga ku Bilila sayenda popanda chifukwa:
chigayo, sikelo ya mwana, maliro kutsidya kwa Rivirivi.
Atamva kuti ndalipira basi
kuti ndikayende wapansi, pamutu popanda kanthu,
angati Ulaya wandizunguza mutu.

Njira yake ndi yoyenda mwakuba.
Imazembera kuseri kwa magalaja,
imadumpha mpanda pa kamakwerero ka matabwa awiri,
imalowa m'munda wa eni popanda odi,
kamuvi kachikasu pamtengo nkumati: pitani, ndi ufulu wanu.
Ng'ombe zonenepa ngati zochita kupopa zidatiyang'ana,
thovu kukamwa, osasuntha.
Matope adandivula nsapato yakumanzere.
Pritam adaizula ndi ndodo yake, naikweza m'mwamba
ngati wawedza mlamba.

Pansi pa mlatho wa msewu waukulu tidasiya kulankhula,
malole akugunda pamitu pathu.
Potuluka, kachitedze ka kuno kadandilawa katumba,
ndipo Desmond, amene chiyambire adali asadatsegule pakamwa,
adathyola tsamba lotambalala, nati: Tikita ndi ili.
Adandiphunzitsa ndi mkazi wanga.
Sadaonjezere. Nanenso sindidafunse.

Pachitunda tidakhala pamiyala yonyowa,
tiyi wa m'fulasiki, buledi wa tchizi wophwanyika m'chikwama.
Mzinda wonse udali kunsi kwathu, phee,
woti nkuuvundikira ndi chipewa.
Zaka zitatu ndakhala m'mimba mwake,
kuudziwira pa zenera la basi ya usiku
ndi m'makonde a chipatala onunkha mankhwala,
koma nkhongo yake ndidali ndisadaione.
Ndidafunafuna denga la wodi yathu,
wodi yomwe imandidya msana usiku ndi usiku.
Lidasowa pakati pa madenga anzake.

Foni idalira titalowa m'nkhalango.
Achimwene: feteleza wakweranso, khitchini ikudontha,
Nangozo wachira, mwana wamkazi.
Ndidaima pansi pa mtengo womwe dzina lake sindilidziwa,
kumangoti ee, ee, ndamva, kumapeto kwa mwezi.
Pomwe ndinkadula, njira idali itagawikana pawiri,
kamuvi kulibe,
mapazi m'matope onse ofanana,
mvula yayamba kuwaza.

Ndidalowera kumanja, mongolota.
Patsogolo, pa kageti kachitsulo kodutsa mmodzimmodzi,
onse adali chiimire, madzi akutsika m'zipewa,
palibe amene wadutsa.
Gwenda chala chili m'mwamba:
khumi ndi atatu,
nayambiranso, khumi ndi atatu.
Atandiona adatsitsa dzanja.
Khumi ndi anayi, adatero, nakankha geti.
Dzina langa amalipotoza mpaka lero,
Tinenenji limatuluka ngati lapunthwa pamwala,
koma kuwerenga sadaphonye.

Madzulo, pamudzi wina, podikira basi ina,
matope akuuma m'maondo, miyendo ili ya mwini,
Desmond adalemba tsiku la mwezi wamawa kuseri kwa tikiti
nandipatsa osandiyang'ana.
Ndidawerengera pa zala: ndidzakhala nditangoweruka ya usiku,
maso ali psuu.

Ndidaipinda tikitiyo kawiri,
nkuilowetsa kuseri kwa khadi la kuntchito.